Flash ya makatuni ya pa burning centre ya mu Ndirande: ntchito ndi yabwino, koma musangoti "ndiikireni za ana"

Amene mumafunsa koikitsa makatuni a ana osawononga ndalama pa bundle, pali ka burning centre kena mkati mwa msika wa Ndirande, mbali ya ogulitsa machaja ndi mabatire a foni. Pa ntchito pokha mnyamata wake ali bho. Kompyuta yake siichedwa, flash imabwera yopanda virus, ndipo makanema ake ndi ooneka bwino osati aja ojambula mu cinema omwe mumangoona mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo. Magetsi akazima amakuuzani chilungamo kuti "achemwali bwerani mawa", sakugonekani pa benchi tsiku lonse. Mtengo nawonso ndi wa anthu.

Nkhani yanga ili pa zomwe amaika mkatimo. Mukangoti ndiikireni za ana, funso lake loyamba ndi lakuti anawo ndi aamuna kapena aakazi, chifukwa mu kompyutamo muli mafoda awiri. Ya anyamata muli magalimoto, maloboti, zomenyana, anthu opulumutsa dziko. Ya atsikana ndi ma princess okhaokha kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mulan wa 1998 uja, mtsikana yemwe anapita kunkhondo m'malo mwa bambo ake, ndinampeza mu foda ya anyamata, ati chifukwa muli ndewu kkkk.

Ndiye taonani zomwe mtsikana akudya mu foda yakeyo. Snow White ndi wa 1937, agogo athu ambiri asanabadwe, ndipo mtsikanayo akungofika m'nyumba ya azibambo 7 osawadziwa n'komwe wayamba kale kusesa ndi kutsuka mbale eni ake asanabwere kuntchito, kenako nkugona chikomokere kudikira mwamuna adzamudzutse. Cinderella wa 1950 mavuto ake onse akutha chifukwa nsapato yamukwana. Wa m'madzi uja, Little Mermaid wa 1989, akupereka mawu ake enieniwo kuti apeze miyendo atsate mnyamata yemwe sanachezepo naye. Ife timakalipira ana athu kuti limbikirani sukulu musamadalire banja, kenako Loweruka tikuwakhazika pa mkeka kuti aonere zimenezi m'mawa mpaka nsima ya masana.

Za khungu ndiye zimandiwawa kwambiri. Tarzan wa 1999 nkhani yake yonse ikuchitikira m'nkhalango ya ku Africa kuno, muli anyani, njovu, kambuku, azungu obwera pa sitima, koma munthu wakuda olo m'modzi mulibemo. Disney, kampani yopanga makatuni onsewa, inadikira mpaka 2009 kuti itulutse princess wakuda, Tiana, ndiye mukati musangalale mukupeza kuti mbali yaikulu ya filimuyo mtsikanayo ndi chule. Chule weniweni wobiriwira. Mu kompyuta yomweyo muli Dumbo wa 1941 wokhala ndi akhwangwala oyankhula motsanzira anthu akuda a ku America moseka, mtsogoleri wawo anamutcha Jim Crow, dzina la malamulo a tsankho omwe ankaletsa akuda kukhala malo amodzi ndi azungu. Eni akewo a Disney anavomereza, mu 2020 anaika chenjezo koyambirira kwa Dumbo, Peter Pan ndi ena pa Disney+ kuti momwe anaonetsera mitundu ya anthu munali molakwika. Pa flash ya mu Ndirande chenjezo limenelo kulibe, filimu imangoyamba basi.

Ena muziti mayi awa akukokomeza, ndi makatuni chabe. Mwana wanga wamkazi ali sitandade 2, kusukulu kwawo tsitsi amameta lalifupi ngati m'sukulu zambiri za boma. Tsiku lina ndikuchapa kuseri ndinamuona wamanga thawulo lachikasu kumutu likulendewera mpaka m'chiuno, akulipukusa uku ndi uku, akugawa maudindo kwa anzake a pa mpanda. Kwa msuweni wake yemwe ndi wakuda bii ngati bambo ake anamuuza kuti "iwe sungakhale princess, ukhale wantchito wanga". Palibe anamuphunzitsa zimenezo pakhomo pano. Sindikuti makatuni okha ndiwo olakwa ayi, mu msika womwewo mabenchi angapo kuchoka pa burning centre pali mafuta oyeretsa khungu ali ndandanda ndipo ogula ake ndi ife akuluakulu, koma mwana wa zaka 7 mafutawo sakuwadziwa, akudziwa zomwe waona pa TV.

Chomwe chinandikhumudwitsa pa mnyamatayu n'choti zabwino zilipo koma sazisaka. Ndinamufunsa za Supa Team 4, ya pa Netflix ya 2023, atsikana 4 a sukulu ku Lusaka pafupi pompa omwe amalimbana ndi zigawenga, anaiyambitsa ndi mayi wa ku Zambia Malenga Mulendema. Analibe, sanaimvepo. Akili and Me ya a Ubongo a ku Tanzania, yophunzitsa tiana kuwerenga, analibenso. Kirikou wa 1998, kamwana ka m'mudzi wa ku West Africa kopulumutsa anthu ake ndi nzeru osati zibakera, anati anali nayo kale anaifufuta chifukwa "siimayenda achemwali, makasitomala amafuna za azungu". Pamenepo sindingamunene yekha, iye amasunga zomwe ife timapempha. Za Kirikou ndichenjezeretu, azimayi ake ali chifuwa pamtunda monga kale kumudzi, ndiye ngati muli ndi apongozi a mpingo pakhomo muyambe mwaonera nokha.

Moana wa 2016 ndi Brave wa 2012 ali nawo, onsewo atsikana ake sakuthamangira ukwati, koma mpaka mutchule dzina ndi pomwe amakutsegulirani.

Ndiye kupita pitani, flash yanu ibwera bwinobwino. Koma lembani mayina papepala kunyumba, mukamupatse, ndipo akafunsa zoti aamuna kapena aakazi muzingoti ikani zomwe ndalembazo. Amene muli ndi ana aamuna muwaikirenso Moana, sawasandutsa chilichonse. Loweruka masana musayerekeze, pamadzadza anyamata oikitsa nyimbo ndi mafilimu omasulira m'Chichewa aja, m'mawa pakati pa sabata ndiye mumangofikira kuthandizidwa.