Stellenbosch kapena Franschhoek: mugone kuti mukachoka ku Cape Town?

Banja likakhala ndi masiku asanu, atatu athere ku Cape Town, awiri ku minda ya mphesa kokalawa vinyo. Nkhani yagona pa tauni yogonamo.

Stellenbosch ili pafupi, makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda. Ndi tauni ya yunivesite, choncho madzulo kumakhala anthu piringupiringu, ndipo malo ogona otsikirako mtengo sasowa. Chovuta ndi mayendedwe: minda yake ndi yotalikirana, pafunika galimoto. Lamulo la ku South Africa sililola woyendetsa kufika 0.05 g ya mowa mu 100 ml ya magazi, ndiye mmodzi wa inu azingonunkhiza vinyoyo, apo ayi muitane Uber, takisi yoitanitsa pa foni.

Franschhoek, pa makilomita pafupifupi 75, ndi kakang'ono ndiponso koboola m'thumba. Komabe kwa awiri ofuna kulawa limodzi, nkoyenera, chifukwa kuli Wine Tram, kasitima ndi mabasi ake okutulani munda ndi munda. Matikiti guliranitu pa intaneti, makamaka mu Disembala. Musapitirire minda inayi pa tsiku: yambiri imatseka cha m'ma 5 koloko, ndipo mukatayirira pa nkhomaliro, kasitima sikadikira munthu.