Galaja imene imayesa penti isanapopere pa galimoto

Kuwongola chitsulo chimene chapindika pa ngozi yaing'ono ndi ntchito yomwe amisiri ambiri amaitha, koma kufananitsa penti watsopano ndi wakale kumavuta ngakhale odziwa, ndipo apa m'pamene galaja imene inakonza chitseko cha kumbuyo ndi bampala ya galimoto yanga ya siliva inandikhutiritsa.

Mmisiri wamkulu anayamba ndi kuwerenga nambala ya penti imene opanga galimoto amailemba pa felemu la chitseko cha dalaivala, kapena kunsi kwa boneti pa galimoto zina. Anafotokoza kuti nambalayo ndi poyambira chabe, chifukwa penti amasuluka ndi dzuwa pakapita zaka, komanso mtundu umodzi womwewo umatuluka mosiyana pang'ono ngakhale kufakitale. Choncho anasakaniza penti, anapopera pa timakadi tingapo, ndipo titauma anatiyandikitsa pa madigadi panja, dzuwa likuwala, osati pansi pa magetsi a m'galaja amene amanamiza maso. Siliva ndi wovuta kuposa mitundu yambiri popeza muli tizidutswa ta aluminiyamu tomwe kagonedwe kake kamatengera mphamvu ya mpweya wopoperera komanso kutalika kwa dzanja kuchokera pa chitsulo, moti penti amatha kufanana mukamuyang'ana molunjika koma n'kuoneka woderako mukaima chapambali. Pofuna kubisa kusiyana kumeneku, anapopera mtunduwo mopepuka mpaka chapakati pa chitseko cha kutsogolo, kenaka n'kuphimba chitseko chonsecho ndi clear coat, vanishi woonekera wotetezera penti, kotero diso silipeza polekezera penti watsopano.

Pa chitsulo sanathamangire kumata filler, phala louma msanga lotsekera malo olowa mkati, monga amachitira ena ofuna kumaliza msanga. Anayamba akoka malo olowa mkatiwo mpaka atatsala pang'ono kufika m'malo mwake, ndipo filler anaika wochepa wosalazira basi, zomwe n'zofunika chifukwa wokhuthala amang'aluka n'kulowetsa madzi, dzimbiri n'kuyamba kudya mkati mosaoneka. Anandionetsanso kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti, amene kufakitale nthawi zambiri amakhala pakati pa ma micron 100 ndi 150 (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi), ndipo pamalo okonzedwawo muyezo sunakwere mochititsa mantha.

Bampala yokha ndi imene imaonekabe mosiyana pang'ono m'mawa ndi madzulo. Sindikuwaimba mlandu, popeza anandichenjezeratu kuti pulasitiki salandira penti mofanana ndi chitsulo, ndipo anagwiritsa ntchito primer, penti woyambirira wapansi, woyenera pulasitiki kuti penti asadzasupuke.

Zodandaulitsa zilipo ndithu. Tsiku lomwe analonjeza linadutsa popanda wina kundiimbira foni, ndipo nditapita kukatenga galimoto ndinapeza timadontho ta penti pa labala la zenera, chizindikiro chakuti sanamate bwino tepi asanapopere. Anapukuta nditawaonetsa, koma galaja yosamala chonchi pa mtundu siyenera kudikira kuti mwini galimoto ndiye aone zoterezi. Anandilangizanso kuti ndisapake polishi kwa mwezi umodzi mpaka itatu kuti penti alimbe bwino, ngakhale malangizowo anangowanena pakamwa osawalemba pa lisiti.

Amene ali ndi galimoto ya siliva kapena ya mtundu wina wonyezimira apindula ndi galajayi, bola asakhale pa changu, ndipo akatenge galimoto yawo masana kuti aizungulire ndi kuiyang'ana mbali zonse asanalipire.