Basi yofiira ya ku Cape Town: kodi ikuyenera tsiku lotsika sitima?

Anzathu a mu Lusaka amene mumakwera sitima zapamadzi zochokera ku Cape Town, monga za kampani ya MSC zopita ku Walvis Bay ku Namibia, mukudziwa kuti tsiku lomaliza limavuta. Amakutulutsani m'chipinda m'mawa kwambiri, pomwe ndeke yobwerera kwathu ndi yamadzulo. Maola apakatiwo ndi amene basi za City Sightseeing, zofiira zansanjika zopanda denga pamwamba, zimathandiza. Ndi zabwino ndithu, koma pokhapokha mutakwera njira imodzi yokha n'kudziletsa pa zina.

Yambani ndi katundu, chifukwa apa ndi pomwe ambiri tsiku limawathera. Masutikesi mumawaika panja pa chitseko usiku, mumakawapeza pansi pa doko atawasanja malinga ndi mtundu wa chikwangwani chomwe anakupatsani. Pasipoti, mankhwala ndi chaja zikhale m'kachikwama ka m'manja. Ngati sitima inafika ku Namibia, pali mzere wa a imigireshoni musanatuluke. Basi yofiira si yonyamula masutikesi akuluakulu, choncho funsani pa desiki ya m'sitima dzulo lake za kosungitsa katundu. Mukakhala ndi ana kapena agogo, ulendo umene a sitima amagulitsa, wothera pa bwalo la ndeke katundu ali m'basi, ndi wodula koma umachotsa mutu.

Doko lili pambali pa V&A Waterfront, malo a masitolo ndi odyera m'mbali mwa nyanja, ndipo siteji yoyamba ya basi ili pafupi ndi Two Oceans Aquarium. Tikiti ya tsiku limodzi imakulolani kutsika ndi kukweranso momwe mungafunire. Lipirani ndi khadi kapena ma rand, kwacha musadalire kuti mukasinthira kumeneko. Amakupatsani mahedifoni omwe mumalowetsa pa mpando n'kumamva mbiri ya malo aliwonse. Basi imanyamuka pa nthawi yake, ya anthu atatu kapena yodzaza, osati za pa siteshoni ya Kulima Tower zodikira ang'wang'wazi, oitanira anthu, akhutire.

Kwerani njira yofiira. Imadutsa pakati pa tauni ndi pa Long Street, n'kukwera mpaka pomwe pamayambira kebulo, galimoto yolendewera pa chingwe yokwera phiri la Table Mountain, kenako n'kutsikira ku Camps Bay ndi Sea Point kubwerera ku Waterfront. Mukapanda kutsika paliponse, kuzungulira konse ndi pafupifupi ola ndi theka. Chimene ambiri sachiwerengera n'chakuti basi imayenda mbali imodzi yokha. Mukadumpha tauni kuti muyambe ndi phiri, simungabwerere kumbuyo: muyenera kuzungulira njira yonse kuti mufikenso pa Long Street.

Komabe yambani ndi phiri. Chifukwa chake ndi mphepo. Nyengo ya sitima, kuyambira Novembala mpaka cha mu Malichi, ndi yomwenso mphepo ya kummwera chakummawa, imene eniake amaitcha Cape Doctor, imaomba kwambiri, ndipo nthawi zambiri imakula dzuwa likapendeka. Ikakula, kebulo amangoitseka, kaya mwagula kale tikiti. Mitambo nayo imatha kuphimba nsonga phiri lonse osaona kanthu. Onani pa webusayiti ya kebulo muli m'sitima ngati yatsegulidwa, ndipo gulani tikiti pa intaneti, popeza ya basi siyiphatikiza kebulo pokhapokha mutasankha yophatikiza. Kebuloyi inayamba kugwira ntchito mu 1929. Galimoto yake imanyamula anthu 65, pansi pake pamazungulira kotero palibe chifukwa cholimbirana zenera, ndipo kukwera kwake ndi mphindi zisanu zokha. Chimadya nthawi ndi mzere, wokwera ndi wotsika womwe. Ikani maola awiri kapena atatu. Pamwamba ndi mamita oposa 1,000 ndipo kumazizira ngakhale pansi kukutentha, tengani jekete.

Phiri likatsekedwa, tsikani pa Long Street muyende wapansi kupita ku Bo-Kaap kokhala nyumba za utoto wowala, ndi ku Company's Garden. Ku Camps Bay n'kokongola pojambula zithunzi, koma madzi ake ndi ozizira ngati a mufiriji ndipo chakudya cha m'mbali mwa msewu n'chodula.

Njira yabuluu, yopita ku Kirstenbosch ndi Hout Bay, ndi yaitali, isiyeni. Robben Island nayonso si ya tsiku la ndeke: kupita, kuona ndi kubwerera ndi pafupifupi maola anayi, boti limadalira nyengo, ndipo mukachedwa pachilumbapo palibe takisi yokupulumutsani.

Bwalo la ndeke lili makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni, ndipo basi yofiira sikufikako. Msewu wa N2 umadzaza kwambiri anthu akamaweruka, kuyambira cha m'ma 15:30. Ngati tikiti yanu ikudutsira ku Johannesburg, kuphonya ndeke yoyamba n'kuphonyanso ya ku Lusaka. Kukhala pamwamba pa basi yofiira n'kosangalatsa, koma dzuwa ndi mphepo zimakupsereza usakuzindikira, ndipo chipewa chopanda chingwe chimauluka musanafike ku Sea Point. Ngati ndeke yanu ikunyamuka isanakwane 15:00, musagule n'komwe tikiti ya basi. Idyani pa Waterfront, muitane takisi.