Nasale ina ya ku Chitakale yandisinthira mwana

Amayi anzanga, mwana wanga wa zaka 4 ndinamuyambitsa nasale ina kuno ku Chitakale, ndiye ndati ndikuuzeniko mmene zikuyendera. Poyamba anali wa pafoni basi, makatuni tsiku lonse, nsima kumangoitola, osagona mpaka 10 koloko usiku.

Kumeneku madamu sawakhazika ana pamkeka mmawa wonse ayi, akangoimba pang'ono amawatulutsa panja, chipako, kudumpha chingwe, mpira wamapepala, ndipo iwonso amathamanga nawo atamanga chitenje mchiuno. Asanamwe phala aliyense ayambe wapita pa mpondagiya kukasamba mmanja ndi sopo, moti pano kunyumba akumatikumbutsa ndi iyeyo. Amabwera maondo ali mbuu, kudya mbale yonse, 7 koloko wagona kale. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azitakataka mphindi 180 patsiku, zoonera zisapitirire ola limodzi, ndiye apa akuyesetsa ndithu.

Chondidandaulitsa nchakuti kukachita chiperoni bwalo limaterera, khonde lalikulu alibe, ana amangopanikizana mkalasi. Katungwenso ndi mmodzi yekha, amalimbirana mpaka kulira. Awonjezereko wina chonde.