Ejenti amene amayamba wagwira nsalu asanalembe nambala

Ndakhala ndikuitanitsa matisheti ndi magofu kunja kwa zaka zinayi. Ejenti wanga woyamba wotulutsa katundu ku kasitomu ankangokopera zomwe wogulitsa walemba pa invoyisi: akaona mawu oti thonje, basi 6109.10, nambala ya kasitomu ya matisheti a thonje, katundu yense. Tsiku lina a kasitomu anatsegula makatoni n'kupeza kuti theka ndi magofu a kolala. Katundu anagona masiku angapo kosungira, ine ndikulipira tsiku ndi tsiku. Apa m'pamene ndinasamukira kwa mayi amene ndikugwira nawo ntchito panopa.

Tsiku loyamba anakana kulemba chilichonse mpaka nditabweretsa chovala chimodzi cha mtundu uliwonse. Anatenga tisheti, kuikoka uku ndi uku, kuiyandikiza pawindo, n'kundionetsa timalupu ting'onoting'ono tolowana ngati unyolo. Imeneyo ndiyo nsalu yoluka, ndipo zovala zake zimakhala mu Chaputala 61 m'buku la manambala a kasitomu lotchedwa Harmonized System. Yowomba, ya ulusi wopingasana ngati malaya a ku ofesi, imapita ku 62. Zaka zonsezi ndimagulitsa zinthu zomwe sindimazidziwa bwino.

Kenako anayala magofu patebulo n'kuyamba kuyang'ana mabatani. Mbali ya kumanzere ikakhala pamwamba pa ya kumanja, gofu ndi ya amuna, 6105.10. Ikakhala ya kumanja pamwamba, ndi ya amayi, 6106.10, pokhapokha kasokedwe kake kakuonetseratu zina. Chovala chosadziwika kuti n'cha amuna kapena amayi chimawerengedwa ngati cha amayi. Majuzi anawaika pa 6110.20, zovala za makanda osapitirira masentimita 86 kutalika pa 6111.20.

Pomwe anandifika pamtima ndi pa katoni ina yomwe lebulo yake inati thonje 50, poliyesitala 50. Ine ndinati alembe thonje, si theka lomwelo? Anakana mwaulemu koma osagwedezeka. Ulusi umene walemera kwambiri ndiwo umatchula chovala, ndipo ikafanana amatenga womwe nambala yake ili kumapeto, ndiye poliyesitala amapambana. Matisheti amenewo analowa pa 6109.90. Ndinakwiya tsiku limenelo, koma a kasitomu atatsegula katoni yomweyo sanapeze chonena.

Mayiwa amakhala ndi buku la Harmonized System patebulo, lomwe bungwe la World Customs Organization ku Brussels limasamalira kuyambira 1988, ndipo lawo ndi la 2022. Anandifotokozera kuti manambala asanu ndi limodzi oyamba amafanana m'maiko onse otsatira dongosololi, koma owonjezera pamenepo komanso kuchuluka kwa msonkho dziko lililonse limaika lokha. N'chifukwa chake nambala yaitali yomwe wogulitsa walemba saimeza yonse.

Zodandaulitsa zilipo. Sachedwa pang'ono ayi: zomwe ena amalemba ola limodzi, iwo masiku awiri. Masana foni sayankha, ndipo amalipiritsa kuposa anzawo. Wothamangira kutulutsa katundu mawa lomwe adzatopa nawo.

Ine ndakhala nawo maulendo asanu tsopano, katundu sanagwidwepo. Panopa ndisanalipire wogulitsa ndimamuuza alembe pa invoyisi kuti chovala n'choluka, ulusi wake ndi maperesenti angati, n'cha amuna kapena amayi, chifukwa popanda zimenezo mayiwa amandibweza pakhomo.