Sukulu ya alonda ya asilikali opuma ku Limbe: ndakhutira nayo

Amene muli ndi mashopu kapena nyumba zosungiramo katundu kuno ku Blantyre ndipo mukufuna kutumiza alonda anu kukaphunzira, kasukulu kena ka ku Limbe komwe akuyendetsa asilikali opuma ntchito ndikabwino zedi, ife tinatumizako anyamata athu ndipo abwerako osintha.

Chandigwira mtima ndi kaphunzitsidwe kake. Sawatsekera anthu mkalasi tsiku lonse kumangokopera manotsi ayi, amapereka zinthu zitatu kapena zinayi basi, mawa kubwereza, pakatha sabata kuwafunsanso mwadzidzidzi osawachenjeza. Mkulu wawo, bambo amene anadutsa ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, anandifotokozera kuti zimenezi anazitenga kwa akatswiri ofufuza mmene mutu wa munthu umasungira zinthu, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa mu 1885 kuti munthu amaiwala kwambiri masiku oyambirira atangophunzira, ndiye kubwereza modumphitsa masiku nkumene kumakhazikitsa zinthu m'mutu. Kuusilikali ndi chimodzimodzi, munthu amamasula mfuti ndikuimanga mpaka manja azichita okha.

Koma gawo la usiku ndiye eee. Amawathamangitsa kaye mpaka wefuwefu, wina akukuwa, wina akuimba wezulo, tochi kumaso, kenako pompo kuwafunsa kuti analowa angati, anavala chani, nambala ya galimoto inali chani. Akuti mantha akafika maso amangoona chinthu chimodzi zina zonse zimadutsa, ndiye mlonda azolowere kuganiza mtima ukugunda, osati adzayambe kuphunzira zimenezo tsiku lomwe akuba adumpha mpanda. Akamaliza amakhala pansi kukambirana, timafuna zichitike zotani, zachitika zotani, chifukwa chani, njira yomwe asilikali aku America anayamba m'ma 1970. Wophunzira amayamba ndi iye kulankhula, mphunzitsi salalata, mnyamata wathu wamanyazi uja pano amapereka lipoti lomveka mmawa uliwonse.

Zondidandaulitsa zilipo. Mawayilesi olankhulirana ndi ochepa, anthu amadikirana, ndipo fesiti eidi amangoidutsa mothamanga. Chachikulu ndi manotsi, onse ali mchingerezi pomwe alonda ambiri amawerenga bwino Chichewa, abwana chonde konzani zimenezi. Mtengo ndiwokwererako koma amalola kulipira m'magawo awiri, ndipo mukafuna malo lembetsani mwezi usanayambe chifukwa kalasi imadzaza msanga.