Mndandanda wa mphatso za Khirisimasi: Amazon, Takealot, Giftster kapena WhatsApp?

Mabanja ambiri kuno ku Salima ali ndi wina ku Joni, wina ku Lilongwe, mwinanso mmodzi ku UK kapena ku America. Ikafika Novembala onsewa amafunsa zofanana: "Kodi ana tiwagulire chiyani chaka chino?" Ife yankho lathu ndi lija laulemu: "Chilichonse chimene mungakwanitse, achimwene." Ndiye Khirisimasi ikafika mupeza mwana mmodzi ali ndi nsapato zingapo zosamukwana, agogo palibe wawakumbukira, ketulo yabwera ndi pulagi yokana kulowa pakhoma. Kulemberatu pa intaneti zimene aliyense akufuna kumachepetsa zoterezi, koma njira zolembera zilipo zingapo, ndipo yotchuka kwambiri si imene ikutiyenera ife akunyanja.

Yotchukayo ndi ya Amazon, sitolo yaikulu ya pa intaneti. Kapangidwe kake n'kabwino ndithu. Mumasankha katundu, n'kumuika pamndandanda, n'kutumiza linki kwa abale. Wina akagula chinthu kudzera palinkiyo, chimachoka pa zotsala, choncho anthu awiri sagula chinthu chimodzi. Vuto n'lakuti katundu wambiri wa pa Amazon satumizidwa ku Malawi, ndipo wotumizidwayo mtengo wonyamulira umatha kuposa wa katundu mwiniwake, msonkho wa MRA osauwerengera. Njirayi imathandiza pokhapokha m'bale wa ku Manchester kapena ku Texas akubwera yekha ndi sutikesi. Apanso samalani ndi zamagetsi. Kuno magetsi athu ndi a 230V, ku America ndi 120V, ndiye makina ometera kapena ayironi ya kumeneko itha kupsa tsiku loyamba lomwelo. Za ku UK zilibe vuto, pulagi yawo ndi yathu yomweyi ya mano atatu. Manambala a nsapato nawo ndi osiyana: saizi 6 ya ku America si saizi 6 imene tinazolowera kuno.

Takealot, sitolo ya pa intaneti ya ku South Africa, ili pafupi ndi moyo wathu chifukwa abale athu ambiri ali kumeneko. Nayo ili ndi poika zimene munthu akuzifuna, mitengo ili m'marandi, ndipo mlamu wanu wa ku Germiston kapena ku Cape Town amulandira katunduyo pakhomo pake. Amazon nayo inatsegula sitolo yake ya ku South Africa mu Meyi 2024, ndiye zonse ndikunenazi zikukhudzanso iyo. Koma onsewa amathera konko. Kuchoka ku Joni kufika pa Kamuzu Road ndi ntchito ya matransipota, ndipo ulendo wake ndi wautali: Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Dedza kapena Mwanza. Mu Disembala pa Beitbridge pamakhala mnzere wosaneneka. Munthu amene watumiza mndandanda wake pa 15 Disembala asadabwe mphatso ikamufika ana atatsegulira kale sukulu. Ubwino umene ndimaupeza pa Takealot ndi chithunzi ndi dzina lenileni la chinthu. Mukati "mundigulire sola", achimwene agula ina iliyonse. Mukatumiza linki, adziwa kukula kwake, adziwanso ngati ili ndi batire. Mapulagi a ku South Africa ndi a mano obulungira, koma mphamvu ya magetsi n'chimodzimodzi, adaputala yokha basi yakwana.

Giftster ndi zinzake ngati Elfster ndi mapulogalamu a pa intaneti opangidwira ntchito yolemba mndandanda wa mphatso yeniyeniyi. Banja limatsegula gulu, aliyense n'kulemba zofuna zake, za m'sitolo iliyonse, ngakhale chitenje cha pamsika. Wogula amaika chizindikiro chakuti "ichi ndatenga ine", ena onse amachiona koma mwini mndandanda sachiona, ndiye mphatso imakhalabe yodzidzimutsa. Elfster imachititsanso maere osankha kuti uyu agulira uyu. N'zokongola. Koma aliyense ayenera kulembetsa, sizili m'Chichewa, ndipo zimafuna bandulo ya intaneti yonse pamene ambiri kuno amagula ya WhatsApp yokha. Azakhali a ku Lifuwu mukawauza kuti atsegule akaunti ndi imelo, angokuyankhani kuti "chabwino mwanangu", nkhani yathera pompo. Anzathu ogwira ntchito muofesi imodzi kapena kuhotela ku Senga Bay, amene amasinthana mphatso pakutha kwa chaka, iwowo Elfster iwathandiza. Banja la kumudzi ayi.

Google Sheets, pulogalamu yolemba zinthu m'timabokosi pa intaneti, sindichedwapo. Ndi yaulere, aliyense amaona zosintha nthawi yomweyo, koma pafoni yaing'ono timabokosi take n'tovuta, ndipo chala chikaterereka dzina la mwana wa mnzanu lafufutika.

Tsopano WhatsApp, imene pazonsezi ndiyo yosalongosoka kwambiri, koma ndi imene ndimaisankha. Aliyense ali nayo kale. Agogo osatha kulemba amangojambula mawu, mdzukulu n'kuwalembera. Kuipa kwake musakubise: uthenga mumatha kuukonza m'mphindi 15 zokha mutautumiza, ndiye mndandanda ukasintha anthu amaukopera n'kuutumizanso, mapeto ake pagulu pali mindandanda inayi yosagwirizana, itakwiririka pansi pa mavesi a m'mawa ndi zithunzi za ukwati. Mankhwala ake ndi munthu mmodzi wosunga mndandanda, makamaka achemwali aja amene aliyense amawaopa pang'ono. Iwo okha ndi amene azilemba, ena aziwauza. Uthengawo aziukhomera pamwamba pa gulu, poti WhatsApp imalola kutero mpaka masiku 30. Magulu akhale awiri: lalikulu lotolera zofuna, ndi laling'ono la ogula okhaokha lonenerana kuti "yunifomu ya wamkulu uja ndatenga ine". Mukatero mwapeza zimene Giftster imachita popanda wina kulembetsa kalikonse.

Wosunga mndandandayu amachitanso ntchito ina imene pulogalamu iliyonse singaichite. Kwathu kuno munthu salembera apongozi ake kapena alamu ake kuti ndikufuna chakuti, n'zamanyazi, zimaoneka ngati kupemphetsa. Koma achemwali akanena kuti "amayi bulangete lawo latha, ndipo amalume akudandaula za tochi", palibe wapempha, palibe wachita manyazi. Linki ya Amazon yochokera kwa mwiniwake imamveka ngati lamulo kwa akuluakulu ena.

Chinanso, mukalola anthu kunena zoona, muona kuti zambiri pamndandandapo sizili pa Amazon kapena Takealot n'komwe. Disembala kuno ndi dzinja, anthu ali kumunda. Wina afuna thumba la feteleza, wina mapepala apulasitiki ofolera denga, wina fizi ndi makope a Januwale, ana afuna mpunga ndi nkhuku pa 25 paja ndi zovala zatsopano zopita nazo kutchalitchi. Zimenezi kuzinyamula kuchokera ku Joni n'kutaya ndalama. N'kwabwino ndalama zibwere pa Mukuru, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba kwa amene ali konkuno, wosunga mndandanda akagule mtauni n'kujambula lisiti n'kuika pagulu la ogula. Mitengo muzilemba ndi tsiku lake. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sabata yatha sumadalirika, ndipo wotumiza ndalama akaona kusiyana amayamba kukayikira wosalakwa.

Choncho ine ndimagawa chonchi: mndandanda weniweni ukhale pa WhatsApp, linki za Takealot zilowe momwemo pa zinthu zochepa zosowa kuno kapena zodula kwambiri kuno, monga foni, sola ndi nsapato zolimba za sukulu, ndipo zimenezo zitsekedwe Novembala asanathe kuti atransipota apeze nthawi. Abale athu Achisilamu a kuno ndi a ku Nkhotakota atha kuchita chimodzimodzi pa Eid, kungoti tsiku lake limabwerera m'mbuyo pafupifupi masiku 11 chaka chilichonse, ndiye tsiku lotsekera mndandanda aziliwerengera mwatsopano. Pa nsapato za ana musalembe nambala yokha: pondetsani phazi papepala, yezani ndi rula, mulembe masentimita.